Sitima Imene Inalanda Ba Blackson Mkazi

Ku Chawama mukangotchula Ba Blackson Zulu, anthu amayamba aseka kaye. Mkuluyu anagwiradi ntchito ku njanji zaka makumi awiri, koma yake inali ya tsache, kusesa pasiteshoni. Atapuma anagula chipewa cha madalaivala pa salaula, pamsika wa zovala zakale, basi, mbiri n'kusintha. Pansolo, pamaliro, ngakhale kutchalitchi, nyimbo inali imodzi: "Ine nayendetsa sitima mpaka ku Livingstone." Munthu woti ndi njinga yomwe imamugwetsa!

Chimene ankafuna ndi mtima wonse chinali kukwatira Eneless, mayi wamasiye wogulitsa tomato pamsika. Kugona yekha m'kachipinda kunali kutamukwana. Eneless anali atalola, poti ankati wapeza mwamuna wolemekezeka.

Tsiku lokafunsira mwambo ndi wodziwika: mwamuna amakhala chete, mutu pansi, zolankhula n'kusiyira ankhoswe. Koma pakamwa pa Blackson pamayabwa. Nyumba ya Ba Josiah, amalume ake a Eneless, inali pafupi ndi njanji. Nkhani ili mkati, sitima ya katundu inadutsa, injini ikuti gu-gu-gu-gu, malata n'kumanjenjemera.

"Mwamvela, apongozi?" anatero Blackson, akukonza chipewa pabondo. "Iyo injini idwala, ikhosomola. Nikanakhala ine, sembe naiimika pamene apa."

Kalanga ine! Panalibe amene anamuuza kuti Ba Josiah anakalambira pampando wa dalaivala wa sitima ku Kabwe.

"Idwala?" inafunsa nkhalambayo mofatsa. "Ndiye kulila kwake uko, bambo. Injini za mtundu uyu ziyatsa mafuta kamodzi pisitoni ikakwela kawili, ndiye zimveka monga munthu osinja. Zinzake ziyatsa nthawi iliyonse pisitoni ikakwela, kulila kwake kungoti vuuu, kosadukiza. Aliyense amene anakhalako kutsogolo kwa sitima adziwa ivi na maso otseka. Nanga imwe munali kuyendetsa ya mtundu uti?"

Blackson anayang'ana chipewa chake. Thukuta linali kamukamu.

"Ija... ija yobiliwila."

Ankhoswe ake anaweramira pansi ngati ataya singano. Ba Josiah sanaseke n'komwe, anangoti, "Oho."

Eneless, amene ankamvetsera ali kukhonde, sanatukwane munthu. Anapita kuseri, namasula miyendo ya nkhuku imene anaimanga kuti aphere alendo. Blackson anaiona ndi maso ake ikudutsa pakhomo, ikutolatola zakudya pabwalo.