Ndinangowauza Basi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene ndinadziyesa katswiri wa nkhani za chikondi. Tinkakhala ku Kilimani mu Nairobi, m'nyumba yosanja pafupi ndi msewu wa Ngong. Bambo ankagwira ntchito m'bungwe lina lothandiza anthu, ndipo nthawi zina mwezi unkatha ali kumpoto kwa Kenya. Amayi ankagwira mu ofesi ya mpingo. Ine ndikaweruka kusukulu lamulo linali limodzi: kulowa m'nyumba, kutseka chitseko, kudikira. Lamulo limeneli ndinkadana nalo. Ndinkazungulira m'nyumbamo ngati nkhuku yofuna poikira, kuchoka pakhonde kupita kukhitchini, kubwereranso pakhonde kukaona magalimoto atathithikana mumsewu, madalaivala akungoliza mahutala. Ndinkaona ngati zinthu zikuchitika kwina konse kupatula kwathu.

Chimene chinkandikhazika pansi ndi mabuku basi. Pafupi ndi pokwerera matatu, maminibasi a kumeneko, panali bambo wina amene ankayala mabuku akale a Chingerezi pa chisaka. Ankanunkha fumbi ndi nkhungu, ena opanda zikuto. Ine ndinkasankha a chikondi, makamaka amene munali mwamuna wachinyengo. Nkhani zake zinkayenda njira imodzi. Kathyali amabwera ndi dzina labodza ndi suti yobwereka, akufuna chuma cha mtsikana. Amayamba wafufuza zimene mtsikanayo amakonda, kenaka n'kumazinena ngati zangochitika mwangozi. Koma masamba akatsala pang'ono kutha, chikondi chenicheni chimamugwira, amagwada, amaulula zonse akulira, ndipo amakhululukidwa. Ndinawerenga ambiri moti ndinkadzitama kuti ine palibe angandipusitse.

Chaka chimenecho tinkakhala ndi Anti Felesiya, mng'ono wawo wa amayi. Anachokera ku Ntcheu kudzaphunzira pa yunivesite ina ku Kahawa, ndipo tsiku lililonse ankakwera matatu awiri popita, awiri pobwera. Anali munthu woseka mosavuta koma wosungulumwa. Loweruka masana ankandikhazika pansi pakati pa miyendo yawo n'kumandiluka tsitsi, ndipo manja akamagwira ntchito pakamwa pankatseguka. Anandiuza za mudzi wathu wa kumapiri, kozizira, kumene amalima mbatatesi. Anandiuza za mnyamata amene anawasiya atangokwera ndege. Chimene chinkawapweteka kwambiri chinali cha bambo awo, agogo anga, amene anamwalira iwo ali pakati pa mayeso ku Nairobi, osapita kumaliro. Agogowo sankawatchula dzina la Felesiya ayi. Ankawaitana ndi mfunda, dzina la mtundu wa kubanja kwawo, kuti Nagama.

"Chifere bambo palibe anandiitanapo choncho," anatero tsiku lina, akukoka tsitsi langa mpaka ndinatsinzina. "Koma izi ndi za ine ndi iwe, Tadala, wamva?"

Ndinavomera, ndipo nthawi imeneyo ndinkanena zoona.

A Denisi tinakumana nawo pa chisaka cha mabuku chija. Tinali awiri ndi anti, tikukangana m'Chichewa za buku limene iwo ankati si la msinkhu wanga, pamene bambo wina wamtali, wa malaya oyera bwino, anatembenuka n'kunena kuti, "Muli bwanji?" Chichewa chawo chinathera pomwepo. Zotsalazo anafotokoza m'Chingerezi: kuti bambo awo anali a ku Malawi, anamwalira iwo ali khanda, analeredwa ndi mayi awo a ku Kenya, ndipo moyo wawo wonse akhala akufuna munthu woti awauze za kwawo. Anati amakhala ku Muthaiga, kumene kumakhala akazembe, ndipo ntchito yawo ndi yothandiza anthu kupeza maviza. Anti anawapatsa nambala ya foni. Ine ndinasangalala kuposa eni ake, chifukwa nkhani imene ndinkangoiwerenga inali itafika pakhomo.

Patapita masiku atatu ndinawapezanso a Denisi pomwepo ndikuchokera kusukulu. Anandigulira buku osandifunsa. Kenaka tili chiimire, wogulitsa uja ali pambali akukonza mabuku ake, anandiuza motsitsa mawu kuti anti anga awalanda mtima koma iwo ndi munthu wamanyazi, sadziwa poyambira. Anandifunsa kuti amakonda chiyani. Ndinawauza. Lachisanu anabweranso ndi buku lina ndi mafunso ena, ndipo sabata yotsatira chimodzimodzi. Palibe munthu wamkulu amene anandimvetserapo choncho. Ankaweramira kwa ine, osandidula mawu, ndipo dzina la mudzi wathu analilemba m'foni mwawo nditawatchulira chilembo chimodzichimodzi. Ndinawauza za mbatatesi, za mnyamata uja, za maliro amene anti sanapiteko. Sanachite kundikakamiza. Ndinawonjezera ndekha nzeru yanga ya m'mabuku.

"Mukafuna kuti akukondeni zenizeni, muwaitane kuti Nagama."

Sipanathe sabata ziwiri, anti anafika kunyumba maso ali ofiira koma akumwetulira. Ananditengera kuchipinda n'kutseka chitseko. Anati a Denisi afunsa mayi awo, ndipo zapezeka kuti bambo awo anali a ku Ntcheu, a m'mudzi mwathu momwemo. Komanso anati a Denisi analota nkhalamba ina itaima m'munda wa mbatatesi ikuwauza kuti, undisamalire Nagama.

"Dzina limenelo akanalidziwa bwanji, Tadala? Ndi bambo amenewo. Sanandikwiyire ayi."

Anandikumbatira akulira. Njira imeneyi ndinkaidziwa. Ndinali nditaiwerenga kambirimbiri, kungoti m'mabuku sanena kawirikawiri kuti kathyaliyo nkhani zake amazitenga kwa yani.

Apa ndiye pamene ndimadziimba mlandu kwambiri, chifukwa ndinazindikira koma ndinakhala chete. Ndinadziuza kuti ili ndi gawo lapakati chabe la nkhani. Mwamunayo amayamba ndi bodza, inde, koma kumapeto amasintha. Ndinkangodikira kuti a Denisi afike pa tsamba lawo logwada. Pamene ndinkadikira, zinthu zinkathamanga. Anti anandinong'oneza kuti a Denisi apeza ntchito ku Canada ndipo akufuna apite limodzi, sukulu akamalizira komweko. Lolemba anti anayenera kuwapatsa a Denisi pasipoti yawo pamodzi ndi fizi ya teremu imeneyo kuti akakonze viza.

Sabata imeneyo sindinakhazikike. M'kalasi aphunzitsi ankalankhula ine ndikuona pasipoti ili m'thumba mwa munthu. Ndinatsegula buku n'kulitseka, kulitsegulanso chakumapeto kuti ndione ngati palidi wina amene sanasinthe. Kawiri ndinaima pakhomo la khitchini kuti ndiwauze amayi, kawiri konse ndinapempha madzi akumwa. Ndinkaopa kukwapulidwa, koma kwenikweni ndinkaopa nkhope ya anti akadzadziwa kuti maloto aja anachokera pakamwa panga.

Chimene chinatipulumutsa si ine. Anti, ngakhale chikondi chinali chitawazunguza mutu, anali mwana woleredwa. Anawauza a Denisi kuti mkazi sangonyamulidwa ngati nkhuku ya pamsika, ayenera kaye aonekere kwa akulu awo. Choncho Lamulungu masana titabwera kutchalitchi, a Denisi anagogoda atanyamula maluwa. Anati galimoto yawo ili kugalaja.

Amayi anawalandira bwino, anawathirira tiyi, anawaikira mandasi. Anakambirana za mvula ndi za kuchuluka kwa magalimoto, m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili. Ine ndinakhala pampando wa pakona. Kenaka amayi anafunsa funso limene munthu aliyense wa kwathu amafunsa mlendo wofuna mbeta.

"Mwati bambo anu anali a m'mudzi mwathu. Mfunda wawo unali chiyani?"

A Denisi mawuwo sankawadziwa. Anti anawafotokozera kuti ndi dzina la mtundu, monga iwo ali Nagama chifukwa bambo awo anali a Gama. Ndinaona a Denisi akundiponyera diso kamodzi, kenaka anamwetulira. Ndikuganiza kuti anaona ngati apeza chingwe china chomangira.

"Gama," anatero. "Ngati inu nomwe."

Amayi anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"A Gama a m'mudzi mwathu onse ndi a agogo amodzi. Ngati bambo anu anali a Gama a kumeneko, ndiye kuti inu ndinu mlongo wathu. Takulandirani, achimwene. Koma mlongo sakwatira mlongo wake."

A Denisi anaseka pang'ono n'kunena kuti mwina mayi awo anasokoneza, mwina unali mfunda wina wofanana nawo. Amayi anafunsa dzina la bambowo, iwo anatchula, amayi anapukusa mutu. Anafunsa dzina la mtsinje umene anthu amawoloka polowa m'mudzimo. Limenelo ine sindinkalidziwa, choncho a Denisi nawonso sankalidziwa.

"Nanga dzina la Nagama munalimva kuti?" anafunsa amayi, amene anamva a Denisi akuwaitana anti choncho polowa.

Anti anayankha ndiwo, kuti a Denisi analota. Amayi sanayang'ane mlendoyo. Anayang'ana mng'ono wawo nthawi yaitali, kenaka maso awo anayenda m'chipindamo mpaka anaima pa ine. Sanandifunse kanthu. Mawu anatuluka okha.

"Ndinawauza ndine."

Ndinkayembekezabe, ndikuvomera, kuti tsopano a Denisi agwada. Iwo anatulutsa foni imene sinalire, anaiika kukhutu, anati akuitanidwa kuntchito mwamsanga. Anatenganso mandasi amodzi m'mbale. Pakhomo anavala nsapato zawo mosathamanga, anamanga zingwe zonse ziwiri, ndipo tinamva mapazi awo akutsika masitepe mpaka pansi. Sitinawaonenso, ndipo nambala yawo inasiya kugwira tsiku lomwelo.

Amayi anandiuza kuti ndifotokoze zonse, ndipo ndinafotokoza ndikulira, kuyambira buku loyamba. Anti sanalire. Anakhala chiwongokere, maluwa aja ali pamiyendo pawo.

"Ndi za maliro a bambo zomwe?"

"Sindinkafuna choipa, anti. Ndinkafuna akukondeni. Ndinangowauza basi."

"Unangowauza." Anabwereza mawuwo ngati akuwalawa. "Iwe Chiswahili umachidziwa kuposa ine, Tadala. Tandikumbutsa, kuno kuuza n'kutani?"

Ndinkadziwa. Mawu amenewo ndinkawamva tsiku lililonse pamsika ndi pa matatu. M'Chichewa kuuza ndi kudziwitsa munthu nkhani. M'Chiswahili kuuza ndi kugulitsa. Zaka zonsezo ndinkalankhula zinenero ziwirizi osaona kuti mawu amenewa ndi amodzi.

"Ndiye wandiuza pa mtengo wanji?"

Amayi anapita kuchipinda n'kubwera ndi mulu wa mabuku amene ndinkabisa kunsi kwa bedi. Anauika patebulo pakati pa makapu. Unali mulu waung'ono ndithu.

Sanandikwapule, ngakhale bambo atabwera n'kumva kuti ndinkaima pamsewu kumacheza ndi munthu wamkulu wosamudziwa anafuna kutero. Chilango changa chinali chonyamula mabuku aja ndekha kukawabweza pa chisaka, amayi ali pambuyo panga. Wogulitsayo atamva nkhaniyo anangokweza mapewa. Anati munthu ameneyo amamudziwa ndi mayina angapo, ndipo chaka chatha bambo ake anali a ku Uganda.

Anti pasipoti yawo sinachoke m'chikwama, ndipo sukulu sanasiye. Koma mwezi usanathe anasamukira kuhositelo ku Kahawa, akuti matatu anawatopetsa. Tonse tinavomereza kuti chifukwa chake ndi chimenecho. Ndinatsala ndekha m'chipinda muja, ndipo tsitsi langa anayamba kundiluka ndi mayi wina wa kusaluni amene sankalankhula nane.

Lero ndine munthu wamkulu, ndipo ndikaganiza za a Denisi sindiwapsera mtima kwambiri monga ndinkachitira kale. Iwo anali pantchito yawo. Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu wachinyengo safika ndi bodza lake lokonzeratu. Amafika chimanjamanja, ali ndi makutu okha, ndipo zipangizo amapatsidwa ndi wa m'nyumba amene akufuna kuoneka wodziwa zinthu. Ndinaphunziranso kuti chimene munthu wakuuza manja ake ali m'tsitsi mwako si chako, ngakhale utaganiza kuti ukumuthandiza.

Anti Felesiya anamaliza maphunziro, anabwerera ku Malawi, ndipo ndi mphunzitsi ku Balaka. Anandikhululukira kalekale, ananena okha pakamwa pawo, ndipo ndikapita amandiphera nkhuku. Timaseka, timakamba za mitengo ya zinthu ndi za ana a anthu ena. Koma pamene anapeza mwamuna amene anawakwatira, asuweni anga onse ankadziwa chibwenzicho kwa chaka chathunthu. Ine ndinamva kwa amayi, chinkhoswe chitachitika kale.