Mwala wa a Namakhwa

Loweruka lapitali ndinagonja pamaso pa mudzi wonse, ndipo chondigwetsa chinali lilime langa lomwe.

Inu amene mumawerenga zolemba zangazi mukudziwa kuti ndimaphunzitsa pa kasukulu ka mishoni kufupi ndi Chonde. Ndati kasukulu pofuna kukapatsa ulemu chabe. Ndi chisakasa chophomedwa ndi dothi, mapaso ake chiswe chinamaliza kalekale, ndipo chiperoni chikatsika m'phiri ana amakumbatira masileti pachifuwa kuti zolemba zisafufutike.

A mishoni atabwera kudzayendera, sanapsatire mawu. Anati mvula ikatipeza tisanamange, adzatenga masileti ndi mphunzitsi yemwe n'kupita nazo kwina. Koma njira anatipatsa. Iwo atumiza mmisiri, zikombole za njerwa, chitseko ndi mazenera tsopano lino. Ife tiumbe njerwa, ndipo khomo lililonse lizibweza dengu la nandolo pa zokolola zitatu.

Ine ndinati katundu wotere sungamusenzetse munthu amene sunamufunse. Tinaika mphika pabwalo la sukulu. Aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe, abwere atafumbata dzanja: wovomera aponye njere ya nandolo, wokana aponye kamwala. Mphikawo anaugwira Che Saidi, ogulitsa nsalu a ku Chinakanaka, poti ana awo amaphunzira kwa mwalimu ku mzikiti ndipo palibe akanawanena kuti akukondera.

Zonse zinali bwino mpaka pamene ine ndinaimirira. Ndinavala jekete langa la Lamulungu, ndinalankhula za ana, ndinalankhula za mvula, mitu n'kumagwedezeka. Mtima utakoma, ndinakweza mawu ndi kuti, “Abale anga, tiyeni tithangate!”

Mitu ija inasiya kugwedezeka.

Mayi wina kumbuyo, mwana ali kumsana, anati, “Ii, aphunzitsi, nanunso mwayamba eti?”

Che Saidi atakhuthula mphika pa mphasa, nandolo zinali zochepa moti nkhunda imodzi ikanazitha osakhuta. Zotsala zonse miyala. Anandiyang'ana mwachisoni n'kunena chapansipansi, “Aphunzitsi, mawu amene aja mukanawasiya kunyumba.”

Kodi ndinatukwana? Ndikufunsa inu. Ine ndili mnyamata, bambo anga atathyoka mwendo nthawi yolima, anansi anabwera ndi makasu awo mbandakucha, mayi ataphika thobwa, ndipo dzuwa lisanapendeke munda wonse unali utatha. Imeneyo ndiyo inali thangata. Palibe anaitanidwa ndi likhweru, palibe analembedwa dzina.

Lero mawu omwewo akutanthauza mwezi wa ntchito kumunda wa mzungu, umene munthu amagwira kuti nyumba yake isagwetsedwe pamalo pamene akukhala. Ndipo mwezi wake si uwu timauona kumwambawu. Ndi mwezi wa pa tikiti, umene umatalika kapitawo akaiwala kuchonga, mpaka chimanga cha mwini wake chamera udzu m'munda. Azungu anatenga malo, tinaona. Koma kuti anatenganso mawu m'kamwa mwathu, ine ndinazindikira Loweruka, nditaima pakati pa bwalo ngati chitsiru chovala jekete. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero zikundikwiyitsa.

Lolemba kunabwera mlendo. Ndi kapitawo wa kumunda wina wa tiyi, dzina ndisunga. Anakhala pa benchi ya ana, n'kumaseka.

“Aphunzitsi, inu mumavutikiranji ndi miphika? Anguru awa safunsidwa, amauzidwa. Ndingonong'oneza bwana kuti njerwa za sukulu ziumbidwe, sabata ziwiri uvuni ukufuka. Wokana achoke pamalo. Mukufuna sukulu kapena mukufuna miyala?”

Sindinama, ndinakopeka. Mitambo yayamba kale kukhala pa phiri masana. Sukulu ikatsekedwa, ine ndisenza mphasa kupita kumene sindikudziwa, ndipo ana amene angoyamba kumene kulumikiza zilembo abwerera kukapalira tiyi. Njerwa za kapitawo zikanakhala zolimba chimodzimodzi.

Koma ndinamuuza kuti anthu amene akuwatchula dzina lonyozalo ndi Alomwe, ndi makolo a ana anga, ndipo benchi imene wakhalapo anasema ndi iwo. Ndinamuuzanso kuti atuluke asanagweredwe ndi denga. Anatuluka akupukusa mutu, akuti ophunzira ndife opusa.

Mwina ndifedi opusa. Koma tandiuzeni, mwana angaphunzire bwanji kuwerenga m'nyumba imene bambo ake anaumba njerwa zake akuopa kugwetseredwa nyumba? Azidzayang'ana khoma n'kuona chiyani? Ine ndizidzaima kutsogolo, ndikuwerenga za ana a Israyeli ndi njerwa za Farao, nkhope yanga ili gwa? Ayi. Kuli bwino chisakasa chindigwere.

Lachitatu ndinapita kwa a Namakhwa. Awa ndi nkhalamba ya Chilomwe imene inawoloka mtsinje wa Ruo ndi banja lake kuthawa chibalo cha Apwitikizi, ndipo akayankhula iwo, makomo ambiri a kuno amatsatira. Loweruka lija sanabise n'komwe. Anatola mwala waukulu ngati dzira la nkhuku, anauonetsa anthu onse, n'kuuponya mu mphika kuti gu! Zidzukulu zawo zitatu zili m'kalasi mwanga, ndiye ndinapita ndili ndi mkwiyo wanga pamtima.

Ndinawapeza akuluka dengu pakhonde. Sanadikire kuti ndiyambe.

“Aphunzitsi, mwabwera nokha?”

“Ndekha, bambo.”

“Asilikali ali pambuyo?”

“Asilikali ati?”

Anaika dengu pansi. “Ine ndinakana. Nonse munaona. Tsopano mundichita chiyani?”

“Palibe.”

“Ana simuwathamangitsa?”

“Dzulo anabwera, lero anabwera. Wamkuluyo wafika pa samu zochotsera.”

Kenaka anatambasula manja awo onse awiri kundionetsa zikhatho. Zala zawo ndi zopindika, zina siziwongoka.

“Iyi ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja la kwa Apwitikizi. Ndinangoti mkazi wanga akudwala, ndibwera ku chibalo mawa. Kuno nako ndinapeza thangata. Chibadwire changa, aphunzitsi, sindinakanepo munthu wovala jekete n'kugona m'nyumba mwanga. Inu munati wofuna akane. Ndiye munati tithangate. Ine ndinati, tione. Masiku anayi ndakhala pakhonde pano, katundu nditamanga, kudikira.”

Ndinayang'ana m'nyumba. Mtolo unalidi pakhomo, womangidwa ndi luzi.

Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo, ndipo ndinachita manyazi. Ine ndinkaganiza kuti anthu akana sukulu. Iwo amafuna kudziwa ngati mphika wanga unali woona, kapena unali tikiti ya kapitawo yovala chovala china.

Ndiye inu amene mumati anthu a kumudzi sayenera kufunsidwa chifukwa amakana zowathandiza, munayamba mwawalola kukana kamodzi kokha osawalanga? Inu akulu a mipingo, inu akapitawo, ngakhale inu aphunzitsi anzanga amene mumamanga masukulu pongolengeza Lamulungu kuti mawa aliyense abwere ndi khasu, mukamva “inde bwana” mumayesa mwavomeredwa? Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Chete wake si chivomerezo.

Ndinafunsa a Namakhwa ngati tingaikenso mphika Loweruka likudzali. Anati ikani. Ndinafunsa ngati aponya nandolo.

“Musandifunse. Dzanja ndi langa.” Anatolanso dengu lawo n'kuyamba kuluka. Nditaimirira kuti ndizipita, anandiitana. “Mwala wanga uja munautaya?”

“Uli pa zenera, bambo. Ndati zenera, koma ndi chiboo.”

“Musautaye. Tikakana, mundibwezere, ndi wanga. Tikavomera, muuike pansi pa njerwa yoyamba, ana adzadziwe kuti nyumba iyi anamanga ndi anthu amene akanatha kukana.”

Sindikudziwa chimene chituluke mu mphika Loweruka. Mwina miyala yokhayokha, ndipo mvula yoyamba idzandipeza pa msewu wa ku Blantyre nditasenza masileti. Kapitawo uja adzaseka mpaka misozi. Aseke. Mphika ndiuikabe, Che Saidi augwirabe, ndipo mawu aja ndiwanenanso mokweza pakati pa bwalo, chifukwa ndi athu ndipo sitinawagulitse kwa munthu.

Pochoka ndinacheuka. A Namakhwa anali atagwada pakhomo, akumasula luzi pa mtolo wawo ndi zala zopindika zija.