Mtolo wa timitengo m'thumba la amalume

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko kungatchedwe kudzuka, poti ndinangotsamira khoma la kukhitchini pang'ono nyimbo za pasiwa zili mkati. Unali mwezi wa Julaye, ndipo chisanu cha ku Gaborone chimalowa mpaka m'mano. Kuseri kwa nyumba ya malemu achimwene ku Block 6 moto unali utayaka kale. Azibambo a kwawo kwa alamu anga anazungulira mapoto akuluakulu a miyendo itatu, akusinja nyama ya ng'ombe ndi mitengo, utsi ukukwawa pansi.

Kuno maliro amaika m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Amalume, amene anafika dzulo lake pa basi kuchokera ku Ntcheu, sanazikonde zimenezo. Ankati munthu samuthamangira kumanda ngati mukubisa kanthu. Sanakondenso kuti thupi silinapite kumudzi, ngakhale ndinawauza kuti achimwene ananena okha, ine ndikumva, kuti adzagone kuno, kumene mwana wawo Tumelo akukulira. Ine ndine namwino, ndipo khansa ya m'chiwindi ndinawafotokozera mpaka pakamwa kuuma. Iwo ankangoti mwana wa mlongo wawo anachoka kwathu ali wonenepa. Alamu anga, amene ndi Mtswana, amalume sanawatchule dzina ngakhale kamodzi. Ankangoti mayi uja.

Nthawi yoona nkhope itakwana tinalowa m'chipinda pamzere. Alamu anali pa matiresi pambali pa bokosi, atafunda bulangete. Amalume anawerama nthawi yaitali, dzanja lawo lili pachifuwa pa achimwene, ine n'kumati akutsanzika. Titatuluka anandikokera kuseri kwa galimoto ya maliro n'kutulutsa kanthu m'thumba la jekete. Unali mtolo wa timitengo tosema, totalika ngati chala, tomangidwa ndi ulusi wofiira.

"Nangozo, mayi uja ndamuona ndi maso angawa akulowetsa ichi m'thumba la malemu. N'chiyani?"

Ndinatsala pang'ono kuseka, koma nkhope yawo inandiletsa. Achimwene anali mphunzitsi wa masamu wa Sitandade 2 pa sukulu ina yaing'ono ku Broadhurst, ndipo timitengo timeneti tinali paliponse m'nyumbamo, m'zitini, pawindo, ngakhale m'thumba la chovala cha kutchalitchi. Ankadula okha ku mtengo wa kuseri, alamu n'kumamanga khumikhumi madzulo ndi ulusi wolukira majuzi. Ndinanjuta pansi n'kuwajambulira pa mchenga. Mwana akapatsidwa 32 kuchotsa 7, amaika mitolo itatu ndi timitengo tiwiri. Pa tiwiri sungachotsepo tisanu ndi tiwiri, ndiye amamasula mtolo umodzi, timitengo n'kukhala khumi ndi tiwiri. Achimwene ankadana ndi mawu oti kubwereka amene ife tinaphunzira nawo. Ankati mwana asaloweze zimene sanazigwire ndi manja.

Amalume anayang'ana mchengawo ngati ndikuwapusitsa. "Masamu amaphunzitsa ndi choko. Iwe wakhalitsa kuno, wadya zawo. Ndikafunsa ndekha kumanda, anthu onse akumva, ndipo iwe ndi amene utanthauzire."

Pa ndondomeko ya mwambo, ine ndiye ndinali wotembenuza mawu a akubanja m'Chitswana. Ndinadziwa kuti amalume akangoloza chala alamu pamaso pa abale awo, palibe wa ife adzapondenso pakhomopo, ndipo Tumelo, amene ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, adzakula akudziwa kuti akwawo kwa bambo ake anatcha mayi ake mfiti pa manda. Ndinaganiza zonama potanthauzira. Koma theka la anthu amene ankabwerawo anali Amalawi, ndipo ambiri amamva zilankhulo zonse ziwiri.

Kunja kukuyera, anthu anadzaza tenti mpaka mumsewu. Azibambo onse anali m'majekete, monga amafunira kuno, ena obwereka osafika m'mikono. Azimayi anafunda mipango kumutu ndi mashawelo paphewa. Kunabwera aphunzitsi anzawo, anamwino a kuntchito kwathu, atelala ndi alonda a ku mpingo wathu, ena atangoweruka ntchito ya usiku maso ali psu. Kombi ina, minibasi ya kuno, inatsitsa ana a m'kalasi la achimwene atavala yunifolomu, akunjenjemera, mphunzitsi wamkazi akuwaika pamzere. Mkulu wa mwambo ataitana akubanja la ku Malawi, amalume anangopukusa mutu ali pampando. Ndinaimirira n'kunena kuti akalankhulira kumanda. Azakhali a alamu anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kuyang'ana nsapato zanga.

Mdipiti wa magalimoto unayenda pang'onopang'ono, nyale zili zoyaka. Makombi ankapatuka, ndipo bambo wina wogulitsa malalanje anavula chipewa. Ndinakhala ndi amalume kumbuyo kwa galimoto ya mnzanga. Ndinawapempha kawiri, motsitsa mawu, kuti nkhaniyo tikakambe m'nyumba anthu atabalalika. Dzanja lawo silinachoke m'thumba muja, ndipo kunena zoona, m'njira monsemo ndinkawada.

Kumanda kunali mphepo yonyamula fumbi lofiira. Bokosi litatsika, abusa anapemphera, kenako anatikodola. Amalume anaima kumutu kwa dzenje, ine pambali pawo. Alamu anali tsidya linalo, atagwiriziridwa ndi azimayi awiri, Tumelo atakakamira chitenje chimene ndinapatsa mayi ake. Ana a sukulu aja anawaika kutsogolo chifukwa anayenera kuimba.

Amalume anayamba bwino. Anathokoza mafumu ndi abusa, ngakhale mafumu panalibe, ine n'kutembenuza. Anati mwana wa mlongo wawo anamulera okha. Ndinatembenuza. Kenako anati pali chinthu chimene abale kumudzi adzawafunsa, ndipo sangabwerere osachimvetsa. Izonso ndinatembenuza, mawu akutuluka ngati a munthu wina. Anatulutsa mtolo uja n'kuukweza m'mwamba kuti aliyense auone.

"Mtolo uwu," anatero, n'kupuma kaye.

"Khumi!"

Kanali kamtsikana kopanda mano akutsogolo, kumapeto kwa mzere. Anzake anatsatira onse pamodzi, mokweza, ngati ali m'kalasi: "Mtolo umodzi, khumi!" Anali ana a Chitswana, oti moni wa Chichewa samudziwa, koma mawu amenewo anawatchula ndi kakokedwe ka kwathu ku Ntcheu, ndendende mmene achimwene ankalankhulira. Mphunzitsi wawo anawaletsa ndi dzanja, manyazi atamugwira. Kamtsikana kaja kanayamba kulira poganiza kuti kalakwa. Mnyamata wina, posadziwa chochita, anapisa m'thumba n'kutulutsa mtolo wake wa ulusi wofiira, ndipo ena angapo anachita chimodzimodzi.

Amalume anakhala dzanja lili m'mwamba. Ndinadikira mawu otsatira. Mphepo inkawomba mapepala a nyimbo, ndipo munthu wina kumbuyo anatsokomola. Amalume anatsitsa dzanja n'kuyamba kuutembenuza mtolowo mpaka ulusi unamasuka timitengo n'kumwazikira pa dothi. Amalumewo, mkulu wa zaka zawo, anagwada m'fumbi ndi suti yawo imodzi yomweyo, akutola. Palibe anawathandiza, poti palibe ankadziwa ngati n'kololedwa. Anayesa kumanga, mfundo ikukana.

Alamu ndiwo anazungulira dzenje. Sanawayang'ane kumaso. Anatambasula manja awiri, amalume n'kuikamo timitengo ndi ulusi, ndipo anamanga kamodzi n'kamodzi monga ankachitira madzulo onse aja, n'kuponya mtolowo pa bokosi. Sindidziwa ngati anamva zimene zinatsala pang'ono kunenedwa. Ndikuganiza kuti anamva.

"Auze kuti ndatha," anandinong'oneza amalume.

Azibambo analandirana mafosholo mpaka dzenje linadzaza, ana anaimba nyimbo yawo mosokoneza, ndipo tinabwerera. Pachipata tinasamba m'manja m'beseni la madzi ozizira. Anthu anadya ataimirira, mbale zili m'manja, n'kumachoka pang'onopang'ono. Ine chakudya chinandikanika.

Pofika madzulo tenti anali atagwetsa, mipando atatenga, pabwalo patangotsala phulusa ndi mapazi a anthu. Alamu anagona m'chipinda chitseko chili chotseka, Tumelo pambali pawo. M'nyumba munkangomveka firiji. Amalume ndinawapeza pakhonde, maondo a buluku akadali ofiira ndi dothi, akuyang'ana kamtengo kamodzi m'dzanja lawo. Kanatsalira m'mkono wa jekete.

"Ndiye kuti wapita ndi tisanu ndi tinayi," anatero.

Ndinati ndikakaika m'chitini pamodzi ndi tinzake. Anakana, n'kukakulunga mu mpango wa m'thumba. Anati akapereka kwa amayi athu, amene sanathe kuyenda ulendowu, ndipo ndiwalembere bwinobwino mmene masamu aja amayendera kuti akathe kufotokoza. Kenako analoza ndi mutu ku chitseko chotseka chija.

"Apongozi adya?"

Ndinati ayi.

"Kawatenthetsere tiyi."