Moto wa pa Puloti Yomaliza

Msewu wathu, kuseri kwa Woodlands, umathera pa nkhalango. Nyumba zomalizidwa zinali khumi ndi imodzi, zonse za mipanda ya njerwa ndi mawaya amagetsi pamwamba. Puloti yomaliza inali ndi makoma olekezera pa mawindo, ndi chipinda chimodzi chofolera ndi malata opsinja ndi miyala. Mwini wake ankakhala ku Kabulonga. M'chipindamo munkagona munthu womuyang'anira malowo, bambo wa ku Luapula wa imvi pang'ono, ndi mkazi wake. Analibe kwina kokhala. Tonse tinkamuitana kuti ba kheyateka.

Chaka chilichonse mu Juni, udzu utayamba kuuma koma mame akadali kugwa, iye ankatentha mzere pakati pa nkhalango ndi mipanda yathu. Ankayamba m'mawa mphepo isanadzuke, kachigawo kachigawo, nthambi yaiwisi ili m'manja. Mzerewo unkatakata ngati msewu. Palibe anamutuma.

Chaka chimene ndikunenachi tinamuletsa tsiku loyamba lomwe. Zinayambira pa gulu lathu la pafoni. Mayi wina analemba kuti phulusa lagwera pa zovala zake zochapa. Wina anati mwana wake ali ndi mphumu. Wapampando wa gululo, mkulu wa mpingo wopuma ntchito, anapita yekha ku pulotiyo. Ndinali pageti langa ndipo ndinamva zonse.

"Ba kheyateka, shani? Kuno si kumunzi, mwamvela? Kuno ni tauni."

"Mukwai, mauzu aya ngati sitishoka manje, mu Okutobala yazatishoka ise," anayankha bamboyo. Kushoka kuno timanena kutentha.

"Ndimwe ba faya bligedi imwe? Mukayasha futi mulilo nizatumila bene ba puloti. Muzagona mumsewu."

Ba kheyateka anazimitsa moto wawo. Madzulo wapampando analemba kuti vuto latha, ndipo ine ndinali mmodzi mwa amene anayankha ndi chithunzi cha chala chovomereza.

Moto unabwera Loweruka lina mu Okutobala, nthawi ya nkhomaliro, mabanja ambiri a mumsewu mwathu ali kutchalitchi, poti amapemphera pa Sabata. Mphepo inkachokera kum'mawa, kumene kuli nkhalango. Udzu unali wopitirira munthu ndipo unafika mpaka pa mipanda. Ozimitsa moto anali kale kumsewu waukulu, kumene moto unayandikira sukulu. Anatiuza pafoni kuti titulutse masilinda a gasi ndi kunyowetsa zonse zimene tingathe. Magetsi kunalibe, choncho mapampu sanalire. Mapayipi othirira maluwa ankangodontha. Tinali anthu asanu ndi awiri ndi zidebe, ndipo mkokomo wa motowo unkamveka ngati lole yokwera chitunda.

Ba kheyateka anafika akuthamanga.

"Manzi aya siyazachita kantu. Tiyeni tishoke kuchokela kuno, ba bosi. Mwamsanga!"

Sanatidikire. Anazula udzu, naumanga mtolo, nauyatsa, nayamba kuthamanga nawo m'mbali mwa mipanda, akuukhudzitsa pansi. Mkazi wake ankamutsatira ndi thumba lonyowa, akupha malawi onse otembenukira ku nyumba. Apa ndi pamene ndinamvetsa: moto wakewo unkadya udzu kulowera kunkhalango, kuti waukuluwo ukafika upeze dothi lokhalokha. Ndinathyola nthambi ya mango ndi kuyamba kumenya nawo. Amuna ena atatu anachita chimodzimodzi.

Moto wa mbali ziwirizo unakumana patali ndi mipanda ngati kutalika kwa bwalo la mpira. Malawi anakwera kupitirira mitengo, kenaka anagwa. Pasanathe ola kunatsala utsi ndi zitsa zofuka. Palibe nyumba inapsa. Kwa wapampando kunapsa maluwa a kumpanda, ukonde wotchingira galimoto dzuwa, ndi mawaya a pamwamba pa mpanda. Manja a ba kheyateka anali matuza okhaokha, khungu litasupuka kuchokera pa zala mpaka pa mkono.

Sitinadziwe kuti wina anajambula kuchokera pa windo la nyumba yosanja. Vidiyoyo inali yaifupi. Inkaonetsa munthu mmodzi akuthamanga ndi moto m'manja, akuyatsa udzu pafupi ndi mipanda. Moto waukulu sunkaoneka. Pansi pake analemba kuti uyu ndiye wotentha nkhalango. Dzuwa lisanalowe mlamu wanga wa ku Kabwata anali atanditumizira vidiyo yomweyo, akufunsa ngati wamisalayo wagwidwa.

Obwera kutchalitchi anapeza mipanda yakuda ndi vidiyo m'mafoni. Anapita ku puloti yomaliza asanavule majekete. Ine ndinatsatira. Anapeza ba kheyateka atakhala pa njerwa, manja ali m'beseni la madzi.

"Sininakuuzeni?" anatero wapampando. "Mwafuna kutibwezela, ai? Gwadani apo."

Anagwada pa phulusa, manja atakweza m'mwamba chifukwa sakanatha kuwaika pansi. Bambo wina wa suti yabuluu anamumenya khofi, kenaka lina. Mkazi wa ba kheyateka atayamba kufotokoza, mayi wa zovala zochapa uja anamuuza kuti atseke pakamwa, pano si pamsika. Anthu anaseka.

Ba kheyateka anandiyang'ana.

"Ba bosi, imwe munalipo. Kambani chabe vamene munaona."

Malaya anga anali akununkhabe utsi. Amuna atatu aja anali pomwepo, akuyang'ana pansi. Kunena zimene ndinaona kukanakhala kuuza anthu onsewo, pamaso pa wantchito, kuti moto unafika pa mipanda yawo chifukwa cha zimene anagwirizana mu Juni, ndi kuti inenso ndinagwirizana nawo. Anali anthu amene ndinkakumana nawo pageti m'mawa uliwonse.

"Tizakamba mailo," ndinatero, kukankhira nkhaniyo ku mawa. "Lekani mitima izizile."

Lamlungu ndinalemba pagulu mizere itatu yofotokoza. Ndinaiwerenga kawiri, kenaka ndinaifufuta.

Lolemba m'mawa mwini puloti anabwera pa galimoto kuchokera ku Kabulonga. Sanazimitse injini. Anatsitsa galasi ndi kunena kuti wachititsidwa manyazi, ndipo pofika masana chipindacho chikhale chopanda kanthu. Kumbuyo kwa galimoto kunali kale munthu wina ndi matilesi ake, wodzalowa m'malo mwawo.

Ba kheyateka sakanatha kunyamula kanthu. Manja ake anali okulungidwa ndi zidutswa za chitenje. Mkazi wake anatulutsa yekha mphasa, mbaula, matumba awiri ndi nkhuku zomanga miyendo, nazisanjika pa wilibala. Mwamunayo anayesa kukankha ndi zigongono, wilibala n'kupendekeka, mbale n'kumwazika mumsewu. Mayiyo anatola imodziimodzi. Anadutsa mageti onse khumi ndi limodzi, langa lili lachitatu, ndipo onse anali otseka.