Yachitatu Ikhalabe Pamwamba, Zelipa

Zelipa mlongo wanga, dzulo mwana wako ananditumizila mndandanda wa mafilimu aja a chigawenga chobisa nkhope. Akatswili a mafilimu aika filimu yachitatu pansi penipeni. Ndinakumbuka masana aja ku Nyimba, nthawi ya chipani chimodzi, tikuonela vidiyo ya filimu yomweyo m'sitolo yotsekedwa mawindo ndi masaka, jeneleta ikulila panja. Unali utangothawa kwa mwamuna wokumenya uja, diso likali lotupa. Mtsikana wa m'filimu atagwetsa chigawenga ndi nkhwangwa, tepi inathela pomwepo. Unandigwila dzanja n'kuti, "Alongo, iyi ndiyo yoposa zonse. Chagwa, sichiukanso."

Lelo ndaionela yonse. Tepi yathu inali yoduka: kunatsala mphindi zingapo, ndipo chigawenga chija chimauka. Udziwa kuti ine sindikangana ndi umboni. Koma umboni wina ndi uwu: kwa munthu uja sunabwelele, ngakhale ankhoswe anakulondola katatu, ndipo unamwalila m'nyumba yomanga wekha ku Minga, uli ndi imvi. Akatswili asunge mndandanda wao. Kwa ine yachitatu ikhalabe pamwamba, ndipo imathela pomwe tinaisiya.