Ababa ndi Nachifuwa

Ababa anga ayendetsa malole zaka zoposa makumi atatu, koma mukawafunsa amati lole anayendetsapo imodzi yokha, zina zonsezi ndi zidole. Imodziyo ankaitcha Nachifuwa, chifukwa m'mawa isanalire inkayamba yatsokomola katatu ngati nkhalamba yosuta. Amayi ankangoti "mkazi mnzanga uja."

Inali yobiriwira, chitseko chimodzi chomanga ndi waya. Sitata yolizira injini inafa ine ndisanabadwe, ndiye ababa ankaimika pamtsetse basi, mwala kutayala. M'mawa kuchotsa mwala, itsetsereke, aponye giya, ilire. Mpaka lero anzawo kudepoti amawaitana a Mtsetse. Injini inali pambali pa bondo lawo lamanzere, phokoso lake loti ukafuna kupempha madzi umachita kukuwa. Mawotchi a pa dashibodi onse anali akufa, moti ankangoyalapo thaulo lawo lopukutira thukuta.

"Imene ija sinandigonekepo panjira," amatero. "Thanki ikadontha, sopo. Lamba akaduka, chingwe. Lole imalankhula, mwana iwe. Ikamva kuwawa imanena, bola ukhale ndi khutu."

Ine sukulu inandikana, ndimatsuka magalimoto kudepoti komweko. Chimene ndinapatsidwa ndi pakamwa. Ndimatha kulankhula ngati kapitawo, ngati amayi akamakalipira tambala, ngati aliyense. Koma chimene ababa amachikonda ndi Nachifuwa: kutsokomola katatu, kubangula, kenako kulira kwa giya yachitatu, ija inkakana kulowa. Chigulitsireni kampani loleyo kwa ogula zitsulo zakutha, Lamlungu lililonse masana amakhala pakhonde nkuti, "Iwe, tandilizira mayi ako wamng'ono."

Kampani inawapatsa lole yatsopano, yoyera mbee. Mkati ngati ofesi, giya yodzisintha yokha, zii. Imeneyi ikadwala sitsokomola ayi. Imayatsa kanyali kofiira, nkumalira ti-ti-ti ngati kamwanapiye.

Lamlungu lina mwana wa achemwali anali atagona m'chipinda, zenera lili pululu. Ababa akuti tandilizira, amayi akundilozera chala kuti ukangomudzutsa uona. Ndiye ndinachita zachibwana. Ndinafufumitsa masaya, kugwedeza mapewa, dzanja likulimbana ndi giya, koma mawu osatulutsa ngakhale pang'ono.

Ababa anamenya ntchafu. "Ndi yomweyo! Amake mwana, imvani giya yachitatuyo!"

Ndinayembekeza kuti aseke, anene kuti andigwira. Osaseka. Amayi anasiya kusita, ine ndinatseka pakamwa. Patapita kanthawi ndinazungulira kumbuyo kwa mpando wawo nkuchita ti-ti-ti wa lole yatsopano, mokweza ndithu, mpaka mwana anadzuka. Ababa anapitiriza kupaka polishi nsapato.

Lolemba ndinafunsa makaniko wathu wamkulu za ababa, iye ali pansi pa thirela miyendo yokha ikuoneka.

"Madala ako?" anatuluka akupukuta manja. "Kawiri konse alowa pageti mpweya wa mabuleki utatsika, alamu ikulira, iwo akuimba mluzu. Ndinkati ndi makani achikulire. Paipi yotaya mpweyayo ndinaimata, koma iwenso ukudziwa zomata."

Ndinayang'ana pabolodi la maulendo. Lachitatu, a Mtsetse, simenti yodzaza, njira ya kuphiri ija yotsika mokhotakhota, pansi pake pali msika.

Kunyumba ndinawapeza amayi akuchapa. "Ndinadziwa kale," anatero osadzutsa mutu. "Wailesi akuikweza ngati tili pamsonkhano. Ndikalankhula ndili kumbuyo, ndimalankhula ndi khoma. Koma ukakanena kwa kapitawo, chiwongolero awalanda, ndiye munthu uja atsala chiyani? Amadziwa china?"

"Nanga Lachitatu?"

Anafinya malaya mpaka ndinaona ngati ang'ambika.

Lachiwiri masana ndinawapeza ababa akuzungulira lole, akumenya matayala ndi chitsulo monga mwa masiku onse. Apa mpamene ndinaona chimene sindinkaona: akamenya, dzanja linalo amaligwiritsa patayala. Samvera kulira kwake, amamvera kunjenjemera.

"Ababa, tandikwezani, ndione ofesi yanuyi."

"Ndi mapazi amatopewo?"

Ndinavula nsapato nkukwera. Lole inali itaima chiyambire dzulo, mpweya utatha m'mathanki. Atangotembenuza kiyi, kamwanapiye kaja kanayamba, ti-ti-ti, kolasa m'mutu. Pa dashibodi thaulo lija lili yale, monga ankachitira mwa Nachifuwa.

Ndinawayang'ana kumaso kuti aone milomo yanga. "Mukumva chiyani?"

"Palibe. Ndi chifukwa sindiikhulupirira imeneyi. Lole yanji yosalankhula?"

Ndinachotsa thaulo. Kanyali kofiira kali phethiphethi.

Anakayang'ana nthawi yaitali. "Kayamba liti kulira?"

"Chitembenuzireni kiyi."

Anazimitsa. Anagwira khutu lamanzere, kulikoka pang'ono ngati la mwana wosamva. "Linayamba ndi ili, la ku injini. Linzakeli latsatira chaka chatha." Kenako anandigwira pamkono, mwamphamvu. "Usauze munthu. Thaulo ndichotsa, ndiziyang'ana nyali. Mawa nditsika bwinobwino."

"Paphiri paja maso aziona msewu kapena nyali?"

"Iwe wayendetsapo chiyani? Wilibala?"

Ndinalibe mawu anga oti ndiwayankhe nawo. Ndiye ndinabwereka awo. Ndinakweza chibwano monga amachitira, chala m'mwamba, mawu okhuthala aja, mokuwa kuti alowe: "Lole imalankhula, mwana iwe. Bola ukhale ndi khutu."

Ndatsanzira anthu ambiri, ena anandithamangitsa ndi ndodo, koma sindinaonepo nkhope ikugwa chonchija. Dzanja analikweza, ine ndinatsinzina kudikira mbama. Mbama sinabwere. Ndinamva chitseko.

Anatsika pang'onopang'ono. Anafunafuna mwala, nkuuika kutayala, pamalo oti ndi pasimenti posalala ngati tebulo, lole yoti singasunthe ngakhale mutaikankha anthu khumi. Anapinda thaulo lawo, kuliika paphewa, nkulunjika ku ofesi ya kapitawo kiyi ali m'manja. Madalaivala awiri amene ankamwa tiyi pamthunzi anakuwa, "A Mtsetse, mawa mutigulire mabuleki kumsika uja!" Iwo anangowakwezera dzanja nkumwetulira, monga amachitira akapanda kumva.

Simenti anakatsitsa dalaivala wina. Ababa kampani inawatumiza kuchipatala, anawayeza, akuti mwina atha kuwapatsa timakina ta m'makutu, koma za chiwongolero palibe amene akunena. Kapitawo akuti tidikire. Tadikira milungu isanu. M'mawa amadzuka nthawi yomwe ija, kuvala yunifolomu, nkukhala pakhonde. Ine kwa milungu inayi sanandilankhule, mchere patebulo ankapempha kudzera mwa amayi.

Lamlungu lapitali ndikudutsa ndi ndowa, ndinamva, "Iwe."

Ndinaima.

"Tandilizira."

Ndinati ndiyambe, iwo ayi, bwera kuno, khala apa. Ndinakhala pansi pambali pa bondo lawo lamanzere. Anaika chikhatho pamsana panga, pakati pa mapewa. Ndinatsokomola katatu, ndinabangula ndi mphamvu zanga zonse mpaka agalu a aneba anayankha, amayi ali pakhomo dzanja pakamwa.

Nditamaliza, dzanja silinachoke.

"Giya yachitatu walakwitsa," anatero. "Wailowetsa msanga. Inkayamba yakana. Bwereza."