Mawu a Sipoko M'kamwa mwa Wakuba

Achimwene anga amadyera pakamwa. Sindikuwanyoza ayi, ndiyo ntchito yawo, ndipo mumsewu mwathu muno palibe amene amawaitana dzina lina koma a Pakamwa. Ali ndi chipinda choonetseramo mafilimu pambali pa sitolo ya zitsulo. Muli mabenchi a matabwa, kanema wamkulu wokhomera pakhoma, sipika imodzi yolira ngati munalowa mavu, ndi katani yakuda pakhomo yomwe sinalawepo sopo kuyambira tsiku lomwe anaipachika. Filimu ikayamba, iwo amakhala pakampando chapambali, maikolofoni m'manja, amatsitsa mawu a eni filimu n'kumayankhula okha m'malo mwa aliyense. Mwamuna ndi iwo, mkazi ndi iwo, galu akauwa ndi iwonso.

Chiyankhulo cha m'mafilimumo sachidziwa kwenikweni, ndikuuzeni zoona. Sukulu anaisiyira panjira. Amangoyang'ana nkhope ndi manja a anthuwo n'kuwaika mawu m'kamwa, mawu otola mumsewu momwemu. Ukakalipira mwamuna wako pampopi m'mawa, madzulo ukamva mawu ako omwewo akutuluka m'kamwa mwa mkazi wa pakanema, anthu akugubuduka ndi phwete. Ine saluni yanga inagundana ndi chipindacho, chotilekanitsa ndi khoma la matabwa basi, ndiye mafilimu onse ndimaonera ndi makutu, manja ali m'tsitsi la munthu. Ndikamva chiphokoso cha kuseka ndimadziwa kuti wina wagwera m'kamwa mwa achimwene lero.

Bwenzi lawo la ponda apa nane ndipondepo linali a Sipoko, okonza njinga pansi pa shedi ya malata moyang'anizana ndi ife. Dzinalo anawapatsa chifukwa cha kuonda ngati sipoko ya njinga: wamtali, wouma, wosachuluka mawu. Awiriwa anakulira limodzi, ndipo anafika mumsewu muno limodzi, wina ndi bokosi la masipanala, wina ndi kanema wakale wonyamula pamutu. Alamu anga, akazi a achimwene, atadwala mwadzidzidzi, amene anawakweza panjinga mpaka kuchipatala, achimwene akuthamanga pambuyo wefuwefu, ndi a Sipoko. Kukumana kwawo kunali kutukwanana. "Iwe waya, sunathyokebe?" "Iwe chimimba, lero unamiza anthu za chiyani?" Kenako a Sipoko ankatseka shedi n'kukakhala kumapeto kwa benchi ya kutsogolo. Malowo ankadziwika kuti ndi awo.

A Sipoko ankadziwanso maloko. Munthu ukataya kiyi, unkathamangira kwa iwo. Ankabwera ndi kawaya, n'kugwada pakhomo, n'kunena mawu amene ankanena pa ntchito iliyonse: "Sizichedwa izi." Uwabweretsere njinga yopindika pakati, yopanda tcheni, yoti n'kukataya kudzala, amaiyang'ana kaye, n'kuti, "Sizichedwa izi." Mwana aliyense mumsewu muno ankawadziwa mawuwo.

Ndiye m'mawa wina a Telala, amene shopu yawo ili pafupi ndi yanga, anapeza mutu wa makina awo osokera palibe. Patsala tebulo ndi chopondera. Chitseko chinali bwinobwino, loko ali lende, wotsekuka, wosathyoka, wopanda ndi chikanda chomwe. Apolisi anabwera, anayang'ana, anafunsa uyu ndi uyu, n'kumapita. Kuyambira pamenepo msewu wathu unasanduka wa maso okhaokha. Munthu ukadutsa ndi thumba lolemera, anthu ankakuperekeza ndi maso mpaka pakona.

Sabata yomweyo achimwene anaika filimu yatsopano yoseketsa. Munali akuba awiri ogwirizana kwambiri, wina wonenepa wolongolola, wina woonda wodziwa kutsekula zitseko, onse mbuli zenizeni. Amavutika ndi chibokosi chachitsulo, kuchitsitsa pazenera, kuthawa nacho apolisi, potsekula n'kupezamo mano oikirira a bwana wina. Mawu ake achimwene anali atakonza kale makina asanabedwe. Izi ndikuikira umboni ndine, chifukwa ndinkawamva kuseri kwa khoma akuyeserera okha, akudziseka. Koma munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, kulephera kuganiza kuti zinthu zasintha mumsewu? Mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Tsiku loyamba anthu anaseka mpaka khoma langa kugwedezeka. Kenako panafika pamene wakuba woonda uja akugwada pakhomo la sitolo, kawaya m'manja. Achimwene anachepetsa mawu, kuwaumitsa bwinobwino, n'kuti:

"Sizichedwa izi."

Chipinda chinaphulika. A Sipoko nawonso akuti anaseka, akupukusa mutu. Koma kusekako kunazima mwadzidzidzi ngati jenereta yatha mafuta, ndipo chakumbuyo kunamveka mawu a mwamuna wina, osakweza n'komwe: "Eee. Paja loko wa a Telala sanathyoke." Ndinasiya kupesa. Ndinamva mabenchi akulira kwetekwete, anthu akutembenuka. Achimwene anapitiriza kuyankhula, koma kuseka kumene kunatsatira kunali kwina, kwa anthu ogwedezana m'nthiti.

Kutacha nkhani inandipeza mu saluni. Mayi ogulitsa makala anakhala pampando, ndisanawamasule ndi mpango womwe, n'kuyamba.

"Asisi, achimwene anu aja ndi ochenjera. Kutiuza mwa filimu!"

"Kukuuzani chiyani?"

"Aaa, inunso. Munthu sangalozere mnzake chala poyera. Wangomuika pakanema kuti amene ali ndi makutu amve."

"Amayi, sabata yatha anaika mawu anu m'kamwa mwa mfiti ya m'filimu. Ndiye kuti ndinu mfiti?"

"Zimenezo zinali zocheza. Izi ndi zina."

Ndinawakoka tsitsi kuposa mmene zimafunikira, ndipo sindinapepese.

Chipinda cha achimwene sichinadzazepo ngati masiku amenewo. Kunabwera anthu oti filimu sanaionepo chibadwire: azimayi a kumsika, akuluakulu a tchalitchi, mlonda wa pasitolo ya zitsulo. Sankabwera kudzaseka, ankabwera kudzamva umboni. A Telala enieniwo analowa, tepi ili m'khosi, n'kukhala pakati manja atapinda, osaseka ngakhale pa mano oikirira paja. Chilichonse chimene akubawo achita, anthu ankachitanthauzira. Woonda uja akabisa katundu pansi pa lona, wina amanong'ona, "Mwamva? Pansi pa lona." Mawa lake ndinaona ndi maso anga bambo wina akunamizira kumanga chingwe cha nsapato pa shedi ya a Sipoko, khosi litalowa pansi pa lona yophimbira matayala. Ena anapitirira pamenepo, amvekere wakuba wonenepa wolongolola uja ndi a Pakamwa eni ake, anabera limodzi, ndiye akanganirana pogawana.

Ndinawalowera achimwene akusesa.

"Achimwene, ichotseni filimu imeneyi. Mukumupha mnzanu."

"Ndikaichotsa anena kuti ndabisa nkhani, mlongo wanga."

"Ndiye mukaisiya anena chiyani?"

Anangopitiriza kusesa. Ndinawadziwa ine. Mantha analipo, koma mabenchi odzaza ankawakomeranso, ndipo ndinawauza zimenezo pamaso. Anandiyankha kuti ndizisamala za tsitsi.

Chimene anachita ndi kusintha mawu. Madzulo ake, wakuba woonda atagwada pakhomo paja, achimwene anati, "Dikira pang'ono, mnzanga." Abale inu! Chipinda chonse chinakuwa pamodzi ngati ana a sukulu: "Sizichedwa izi!" Wina n'kuwonjezera, "Asintha! Amuopseza!" Winanso, "Ayi, agwirizana tsopano, amugawira!" Ndinamenya khoma ndi chipeso kuti akhale chete, koma ndani akanandimva.

A Sipoko anali atasiya kubwera. Ankakhala pa shedi pawo, akupukuta masipanala oyera kale. Anthu ankadutsa pamaso pawo akukankha njinga zophwa matayala, kupita kwa wokonza wina kutali kuseri kwa msika. Amene anataya kiyi sabata imeneyo anathyola loko ndi hamala, osawaitana. Ndinapita kukakhala nawo tsiku lina masana, dala, kuti anthu aone. Sanadandaule. Anangondifunsa kuti, "Mlongo, kodi iye uja akuti bwanji?" Ndinati akuti ndi zocheza. Anagwedeza mutu, n'kuyang'ana katani yakuda ija tsidya la msewu. Chimene ankadikira sichinali makasitomala. Ankadikira kuti mnzawo aoloke msewu, akhale pa tayala pambali pawo, awatukwane monga mwa masiku onse. Achimwene sanaoloke. Ankati akaoloka anthu anena kuti akukapangana.

Koma panali chinanso, ndipo ndinachiona chikumera. Munthu ukamamva chinthu chimodzi m'mawa, masana ndi madzulo, chimayamba kukukhala m'mutu. Achimwene anayamba kundifunsa timafunso ta m'mbali. Kodi a Sipoko anatseka nthawi yanji tsiku lobedwa makina lija? Kodi matayala atsopano a pa shedi pawo anabwera liti? Ndinawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Ndinati, "Achimwene, bodza munapeka nokha, lero mwayamba kulikhulupirira?" Anati akungofunsa.

Kenako anagula loko watsopano wa pachitseko cha chipinda chawo. Wakale uja, amene a Sipoko anawaikira ndi manja awo, anamuchotsa m'mawa kutayera, msewu wonse ukuona. Amvekere akuba achuluka, kanema ndi wodula. Mwina zinalidi choncho. Koma tsidya la msewu a Sipoko anaimirira, sipanala m'manja, n'kuonerera mpaka ntchito yonse inatha.

Masana a tsiku lomwelo, filimu ili pakati, ndinawaona a Sipoko akuoloka. Ndinamusiya kasitomala tsitsi theka n'kuthamangira pakhomo, chipeso m'manja. A Sipoko anakankha katani, anadutsa pakati pa mabenchi, n'kukaima kutsogolo kwa kanema, akuba aja akuthamangathamanga kumbuyo kwawo.

"Iwe, taimitsa."

Achimwene anaimitsa. Munali anthu thothotho, a Telala ali pomwepo.

"Ine sindidziwa kuyankhula, wodziwa ndiwe. Anthuwa amamva zako. Undidziwa kuyambira tili osavala. Tawauza pa chinthu chakocho. Makina a a Telala ndinaba ine?"

Yankho lake linali liwu limodzi. Mwana wakhanda akanalitha. Ine ndinalinena mumtima, ndinalinena ndi milomo, ndinatsala pang'ono kulikuwa pakhomopo. Achimwene, munthu amene amayankhulira anthu khumi nthawi imodzi osapuma, anayang'ana a Sipoko, anayang'ana a Telala, anayang'ana mabenchi. Maikolofoni inali yoyaka, ndiye tonse tinkamva kupuma kwawo mu sipika. Kenako anati:

"Aaa, mnzanga... ine sindinakuone ukuba."

Wina chakumbuyo anati, "Mhm." A Telala anamasula manja n'kuwapindanso. A Sipoko anaima kanthawi, ngati akudikira kuti pabwera mawu ena. Kenako anatembenuka. Anatuluka, n'kundidutsa pakhomo osandiona.

Ndinawakalipira achimwene tsiku limenelo mpaka mawu anandithera. Anati anasokonezeka, anati ankafuna kunena mosamala kuti anthu asamati akuikira kumbuyo mnzawo, anati akonza. Makinawo mpaka lero sanapezeke, ndipo amene anaba sindikumudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti funso lija silinali la makina.

M'mawa mwake ndikutsekula saluni ndinapeza ngolo yokankha itaima pa shedi. A Sipoko anali atazula kale malata, akulongedza pampu, matayala ndi mabokosi a zitsulo. Anthu anaima m'makomo mwawo, akusuzumira chilichonse chokwera pangolopo, kuona ngati patuluke mutu wa makina. Sipanatuluke kanthu koma dzimbiri.

Achimwene anaoloka msewu tsopano. Anafika ndi kuseka kwawo kuja, kokakamiza, akupinda manja a malaya.

"Iwe waya, ukupita kuti? Chibokosi ichi chikuthyola msana, bweretsa kuno."

Anagwira mbali imodzi ya bokosi la masipanala. A Sipoko sanalikoke, sanakweze mawu. Anavula chipewa, n'kuwerama pang'ono monga amachitira kwa munthu wachilendo wobwera ndi njinga.

"Zikomo kwambiri, bambo. Musavutike, ndinyamula ndekha. Inu bwererani ku ntchito yanu."

Chibadwire changa ndinali ndisanamvepo a Sipoko akuwatchula achimwene kuti inu. Achimwene anasiya bokosilo. Anaima pakati pa msewu manja ali lende, pakamwa pali yasa, ngolo ikulira kulowera kumsika, mpaka wa galimoto anawaimbira hutala kuti apatuke.